Tima sensa ta m'mafiliji tomwe tinaika titatsegula bulanchi ya ku Pretoria

Ngati muli ndi lesitilanti imodzi yokha, mumatsegula nokha m'mawa, mumalowa nokha mu cold room, chipinda chozizira chosungiramo zakudya, ndikugwira nyama ndi dzanja lanu kuti mumve ngati yazizira bwino, ndiye timakina ndikufuna kukambati mutha kukhala opanda. Koma tsiku lomwe mwayamba kuganiza zotsegula yachiwiri kutali ndi komwe mumagona, ikani kaye tima sensa musanagule ngakhale mipando. Maganizo anga ndi amenewo ndipo ndifotokoza chifukwa chake, komanso zomwe zimandinyansa pa sevisi yomweyi chifukwa ziliponso zambiri ndithu.

Ine ndimayang'anira khitchini pa malo ena odyera kuno ku Johannesburg, timaotcha nkhuku, steak, nthiti, nsomba pang'ono, chips ndi pap basi, zakudya zomwe anthu amabwera kudzadya ndi mabanja awo Lamulungu akachoka ku tchalitchi. Ndinayambira pa sinki kutsuka mapoto monga tinayambira ambiri kuno ku Joni, kenako pa grill, mpaka pano. Abwana atatsegula bulanchi yachiwiri ku Pretoria anangoti makhitchini onse awiri ali m'manja mwako, patapita nthawi kunabweranso yachitatu cha ku Kempton Park. Kuchoka Johannesburg kupita Pretoria ndi pafupifupi makilomita 60 koma amene mumayenda pa N1 m'mawa mukudziwa kuti mutha kuthera maola awiri pamsewu, ndiye munthu mmodzi sungakhale konsekonse, ukakhala uku mtima umakhala uko. Kampani yomwe inatiikira zinthuzi sinditchula dzina, ndi ya konkuno, ndipo zomwe amagulitsa sizikusiyana kwenikweni ndi za anzawo. Ena ndawaona akugwiritsa ntchito za Testo ya ku Germany, ife sitinatenge imeneyo ndiye sindingaikambire.

Chomwe amabweretsa ndi ichi. Mu filiji iliyonse, mu firiza iliyonse ndi mu cold room amamangamo kabokosi ka pulasitiki koyera kokwana m'dzanja, kali ndi batire mkati, kalibe waya wopita ku magetsi. Pa tina pamatuluka kawaya kakafupi komwe nsonga yake imalowa m'kabotolo ka madzi olimba otchedwa glycol, cholinga chake kuti kaziyeza kuzizira kofanana ndi kwa chakudya osati kwa mpweya, poti mpweya umatentha msanga munthu akangotsegula chitseko pomwe nyama imatenga nthawi. Pa chitseko cha cold room pali kenanso kamaginito komwe kamadziwa ngati chitseko chasiyidwa chotsegula. Tonseti timatumiza manambala pakapita mphindi zingapo ku bokosi lina lomwe amalitcha gateway, lili mu ofesi, lili ndi SIM card yakeyake, ilo ndi lomwe limakankhira zonse pa intaneti. Ndiye iwe pa foni umatsegula app umaona makhitchini onse atatu, filiji ili bwino yobiriwira, yomwe yayamba kutentha yofiira. Ikadutsa malire omwe mwaika foni imalira. Zonse ndi zimenezo basi, palibe matsenga.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe ndikuziyamikira muyenera kudziwa mmene tinkachitira kale, ndipo amene munagwirapo m'khitchini ya lesitilanti musanamizire kudabwa. Kuseri kwa chitseko kumakhala pepala pa clipboard, munthu amayenera kulemba kuzizira kwa filiji iliyonse m'mawa, masana ndi madzulo. Lachisanu madzulo ma oda akutuluka mu printer osalekeza, mafuta akulira, waiter akukuwa kuti tebulo 12 yadikira kalekale, ndani akumbukire pepala? Mapeto ake munthu amadzatenga cholembera pa 10 koloko usiku ndikulemba 3, 3, 4, 3 mizere yonse ndi inki imodzimodzi. Sikuti anthu ndi oipa mtima ayi, ntchito ndi yomwe imachuluka. Komanso ngakhale atalemba moona, pepala limangokuuza za nthawi zitatu pa tsiku, zomwe zinachitika pakati pa 11 usiku ndi 7 m'mawa palibe amazidziwa, pomwe filiji imakonda kufa nthawi imeneyoyo. Bungwe la WHO limanena kuti chakudya chozizira chizikhala pansi pa madigiri 5, chotentha pamwamba pa 60, pakati apo ndi pomwe tizilombo timaswana mofulumira. Nkhuku yaiwisi itakhala pa 12 usiku wonse, magetsi ndikubwera m'bandakucha, filiji ndikuzizilanso, iwe pofika m'mawa upeza 3 pa themometa ndipo ulemba 3 ndi mtima woyera, kenako uyiotcha ndikupatsa mwana wa munthu.

Chaka cha 2023 ndi chomwe chinatiphunzitsa. Amene munali kuno mukukumbukira, load shedding inalipo masiku opitilira 300 chaka chimenecho, ikakula kufika pa mlingo womwe amautcha stage 6 magetsi ankatha kuthima maola 4 nthawi imodzi, kubwera pang'ono ndikupitanso. Tonse tinali ndi app ya EskomSePush pa foni kuonera ndandanda, koma ndandanda imakuuza nthawi yomwe magetsi athime, sikuuza ngati jenereta ya ku Pretoria yalira, sikuuza ngati dizilo wathera pakati, komanso sikuuza ngati kompulesa yadzukanso magetsi atabwera. Vuto lalikulu linali pomwepo, magetsi akabwera ndi mphamvu breaker ya cold room inkagwa, nyali za m'khitchini zikuyaka bwinobwino munthu ndikuganiza kuti zonse zili m'malo koma cold room ili zii. Tisanaike tima sensa tinatayapo nyama yodzadza mashelefu chifukwa cha zimenezi, ndipo tsiku limenelo ndinaona abwana atakhala pa kreti panja osayankhula ndi munthu. Nyama ya lesitilanti ndi ndalama ya malipiro a anthu, ikapita mu bin mwezi umenewo wina amachepetsedwa ma shift.

Titaika, usiku wina foni inalira cha m'ma 2 koloko, cold room ya ku Pretoria yafika pa 7 ndipo ikukwerabe. Ndinaimbira mnyamata wathu wina wa ku Nkhata Bay yemwe amakhala kufupi ndi shopu ndipo amasunga makiyi, ndinati achimwene pepani dzukani mukaone, anapita, anapeza breaker yagwa, anaikweza, ine ndili pabedi ndikuona mzere pa foni ukutsika pang'onopang'ono mpaka kubwerera pa 3. Nyama yonse inapulumuka. Usiku umodzi umenewo unabweza ndalama zambiri zomwe tinalipira, ndipo zoterezi zachitikapo kangapo, osati ku Pretoria kokha.

Koma chomwe ndimachikonda kwambiri si alamu, ndi graph, mzere wa pa app woonetsa mmene kuzizira kwayendera tsiku lonse. Poyamba sindinkaiyang'ana nkomwe, mekaniki wa mafiliji ndi amene anandiphunzitsa kuiwerenga. Filiji yamoyo mzere wake umakhala ngati mano a sowo, kompulesa ikalira umatsika, ikapuma umakwera pang'ono, tsiku lonse mofanana. Ndiye mukaona manowo ayamba kutalika, filiji ikutenga nthawi yaitali kuti itsike, kapena pansi pomwe inkafika pa 2 pano ikulekezera pa 4, dziwani kuti china chake chayamba ngakhale alamu sinalire. Filiji ya pansi pa kauntala ya ku Kempton Park inachita zimenezi kwa masiku, ine ndikuiona pa foni ndili ku Johannesburg. Titaikoka pa khoma tinapeza condenser, mbali yomwe imatulutsa kutentha kwa filiji, yatsekeka yonse ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta a chips, chinthu chakuda chonata chomwe chinachita kumatuka ndi bulashi ya waya. Kutsuka kokha filiji inabwerera mwakale. Tikanadikira ikanapsa kompulesa, ndipo zikanachitika Loweruka madzulo shopu itadzadza chifukwa ndi nthawi yomwe imagwira ntchito kwambiri. Ina inali labala wa pa chitseko wong'ambika pansi pomwe diso silifika. Graph inandionetsanso kuti ku Pretoria chitseko cha cold room chimakhala chotsegula nthawi yaitali m'mawa uliwonse galimoto ya nyama ikabwera, anyamata ankachitchinga ndi kreti kuti azilowa ndi kutuluka mosavuta. Sindinakalipire munthu, tinangoika makatani a pulasitiki aja pakhomo ndikusintha kuti katundu aziyamba waunjikidwa pafupi kenako alowe kamodzi.

Pa nkhani ya mapepala a boma zinatithandizanso. Kuno malo aliwonse ogulitsa chakudya amayenera kukhala ndi Certificate of Acceptability pansi pa malamulo a R638 a chaka cha 2018, ndipo satifiketi imeneyi ndi ya malo amodzi, ya ku Johannesburg siigwira ntchito ku Pretoria, bulanchi iliyonse yakeyake ndipo makhonsolo akenso ndi osiyana, Pretoria ili pansi pa Tshwane, Kempton Park pansi pa Ekurhuleni. A zaumoyo akabwera amafunsa ma rekodi a kuzizira, ife timangotulutsa pa kompyuta mwezi wonse ndikusindikiza. Mayi wina insipekitala anakhala pansi ndikuwerenga ndithu, anaona pomwe panakwera usiku uja ndikufunsa kuti apa munatani, ndipo poti app ili ndi malo olembapo zomwe mwachita alamu ikalira, yankho linali pomwepo. Ndinaona kuti anakhulupirira pepala loonetsa vuto ndi mmene tinalikonzera kuposa lija la 3, 3, 3.

Tsopano zonyansa. Masabata oyamba foni inkalira mosalekeza mpaka ndinafuna kuzula zonse. Firiza ndi cold room zimakhala ndi nthawi yosungunula ayezi pazokha kangapo pa tsiku, nthawi imeneyo mpweya umatentha kwa mphindi zochepa ndipo ndi mmene zinapangidwira, palibe cholakwika. Koma anthu omwe anabwera kudzaika sanafunse za izi, anangoika malire ndikunyamuka, ndiye defrost iliyonse alamu, munthu akatsegula chitseko kutenga letesi alamu, usiku alamu. Kuopsa kwake ndi koti anthu amazolowera, manijala wa ku Pretoria anafika poika foni pa silent, ndipo sindingamunene chifukwa munthu sangadzuke kanayi usiku pa zinthu zopanda pake ndikudzagwira ntchito m'mawa. Zinatheka titakakamira kuti abwerenso tikhale pansi limodzi ndi mekaniki, filiji iliyonse tiyiikire malire ake ndi nthawi yodikira, kuti alamu izilira pokhapokha kutentha kwakhalitsa osati kungodumpha. Ntchito imeneyi inayenera kuchitika tsiku loyamba ndipo inayenera kukhala yaulere, koma anafuna kutilipitsa call out, ndalama yoti tawaitana, tinakangana kaye.

Chachiwiri netiweki. Cold room ndi bokosi la zitsulo, sigino imavutika kutuluka, ndiye ka sensa ka mkati kwambiri kankangosowa pa app maola angapo kenako ndikutulukira. Anasuntha gateway kuibweretsa pafupi zinakhalako bwino. Koma chomwe chinandipweteka mtima ndi choti gateway yomwe anatipatsa poyamba batire lake linali losakhalitsa, kutanthauza kuti magetsi akathima nthawi yaitali, nthawi yeniyeni yomwe ukufuna kudziwa zomwe zikuchitika, iyonso imathima. Munthu wogulitsa zinthu zimenezi m'dziko la load shedding amayenera kuganiza zimenezi yekha. Tinagula ka UPS kathu, kabokosi ka batire kopereka mphamvu magetsi akathima, ndikulumikiza. Ndipo ngakhale zili choncho, masiku a stage 6 nsanja za mafoni nazo zinkafooka mabatire ake akatha, meseji ndikufika mochedwa. Ubwino wake tima sensa timasunga manambala mkati ndikudzatumiza netiweki ikabwera, ndiye rekodi siiduka, koma rekodi yobwera m'mawa siipulumutsa nyama. Funsani ngati dongosolo lawo limakuchenjezani gateway ikangosiya kuyankhula, lathu limatero tsopano koma tinachita kupempha kuti ayatse.

Mabatire a mu firiza nawo sakhalitsa monga amanenera pogulitsa, pa -18 batire limafooka msanga kuposa la mu filiji wamba. Ndipo musamangokhulupirira nambala ya pa foni chifukwa yachokera mu makina. Ine nthawi ndi nthawi ndimadzadza kapu ndi ayezi wophwanya ndi madzi pang'ono, ndimaviikamo themometa yanga yam'manja kuona ngati ikuwerenga 0, ikakhala bwino ndimaiika pambali pa ka sensa ndikufananiza. Kamodzi tinapeza kena kakunama ndi madigiri awiri, anakasintha osavuta, pamenepo ndiwayamikire.

Mbali ya zotentha sindinakhutire nayo. Anatigulitsanso probe yobaya nyama yomwe imalumikizana ndi tabuleti pa Bluetooth, kuti nkhuku ikapsa uibaye pa ntchafu pafupi ndi fupa, ikafika 75 nambala ipite yokha mu rekodi. Pa pepala ndi zabwino. Koma pa grill manja ali ndi mafuta, utsi uli m'maso, tabuleti yazima skrini, Bluetooth yaduka, uyambe kusaka dzina la chakudya pa mndandanda nkhuku zina zikupserera, aaa anyamata anangobwerera ku themometa yakale ija ya m'thumba ndipo ine ndinawalola. Timaigwiritsa ntchito pa bain marie pokha, posungira zakudya kuti zisazizire, pomwe pamakhala gravy, mpunga ndi chakalaka, kuona kuti zili pamwamba pa 60, ndi poziziritsa mpunga ndi nyemba zophikiratu chifukwa mpoto waukulu ukaulowetsa mu cold room pakati pake pamakhala potentha maola ambiri. Apo imathandiza, inatipangitsa kuyamba kuthira mpunga m'mathireyi osaya. Koma ndalama ya probe ija ndikanakonda ikanapita pa tima sensa tina tiwiri. App nayonso ili m'Chingerezi chokha ndipo mawu ake ndi a mu ofesi, pomwe m'khitchini mwathu muli a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi eni dziko, ena kuwerenga Chingerezi chotere kumawavuta ngakhale ntchito amaidziwa kuposa wina aliyense. Mitundu ija yofiira ndi yobiriwira ndi yomwe imatipulumutsa.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna eni malesitilanti amve bwino, chifukwa wogulitsa adzakuuzani ngati kuti mukaika zimenezi nkhani ya chakudya choipa yatha. Sizoona. Mukukumbukira matenda a listeriosis a 2017 ndi 2018, anthu opitilira 1,000 anadwala, opitilira 200 anamwalira, kuphatikizapo makanda ambiri, gwero lake linapezeka kuti ndi polony wa ku fakitale ina ku Polokwane, mpaka maiko oyandikana nawo kuphatikizapo kwathu ku Malawi analetsa kulowetsa nyama zoterezi. Kachilombo kameneka kamatha kukula ngakhale mu filiji yozizira bwinobwino. Ndiye app yanu itha kukhala yobiriwira mwezi wonse koma ngati makina odulira nyama satsukidwa, ngati nkhuku yaiwisi ikudonthera pa saladi chifukwa wina waiika shelefu ya pamwamba, ngati bolodi yodulira ndi imodzi, ka sensa sikaona chilichonse. Sikadziwa kuti chidebe ichi chakhala masiku angati, sikanunkhiza. Komanso sikalawa. Sosi wa peri peri wa ku Pretoria anayamba kusiyana ndi wa ku Johannesburg pang'onopang'ono mpaka makasitomala anayamba kudandaula, palibe graph inaonetsa zimenezo, ndinachita kukwera sitima ya Gautrain ndikukaima pa mpoto ndi wophika wake sabata yonse. Ndiye kuyenda sikunathe, chomwe chinasintha ndi choti ndikapita ndimapitira zophika ndi kuphunzitsa anthu, osati kukatsegula mafiliji ndi mantha.

Nkhani ya anthu ndi yomwe ili pamtima panga kwambiri. Tsiku lomwe ankamanga timabokosi tija khitchini yonse inakhala chete, mayi wina wamkulu yemwe amapanga ma saladi anandikokera pambali ndikundifunsa kuti mwanawe, zimenezi akufuna azitimvera zokamba zathu eti? Ndinawatsegulira app ndikuwaonetsa kuti mulibe kamera, mulibe maikolofoni, ndi manambala a kuzizira basi. Koma mantha awo sanali opanda pake. Rekodi imaonetsa nthawi yeniyeni yomwe chitseko chinatsegulidwa, ndipo bwana wankhanza atha kuigwiritsa ntchito kusaka woti amudule malipiro. Ambiri mwa ife kuno ndi alendo, ena mapepala awo ndi ovuta, munthu wotere sangatsutse akamunamizira. Ine ndinawauza abwana poyera kuti tsiku lomwe graph idzagwiritsidwe ntchito kudula ndalama ya munthu, anthu adzayamba kubisa, adzasuntha ka sensa kukaika pafupi ndi fani kuti kaziwerenga zozizira, ndipo ndalama yonse yomwe mwalipira idzakhala yotaya. Anamva, ndiwayamikire. Ndipo zinatembenuka, rekodi yomweyo inateteza mnyamata wina yemwe ankanenedwa kuti anasiya firiza yotsegula usiku, graph inaonetsa kuti chitseko chinali chotseka, inali fani ya mkati yomwe inafa.

Kenako funso loti adzuke ndani. Alamu ikalira pa 2 koloko pamafunika munthu wa makiyi, wokhala pafupi, wodziwa pomwe pali breaker, wokhala ndi nambala ya mekaniki, komanso woti atha kuyenda usiku bwinobwino, ndipo kuno kuyenda usiku si nkhani yamasewera. App imalola kuika mndandanda, woyamba akapanda kuyankha pakapita mphindi zingapo imaimbira wachiwiri kenako wachitatu, zimenezo zili bwino kwambiri. Koma munthu amene wadzukayo alipidwe. Ife tinagwirizana kuti Uber amalipira shopu ndipo maola amenewo amalembedwa ngati ovataimu. Mnyamata wa ku Nkhata Bay uja akanapanda kudzuka usiku uja, foni yanga ikanangondiuza mwaulemu kuti nyama ikuwonongeka ine ndili makilomita 60 kutali. Ngati simunakonze za munthu ameneyu musagule nkomwe.

Za mtengo sindilemba manambala chifukwa zimatengera kuchuluka kwa mafiliji ndiponso mmene mwakambirana, koma dziwani kuti mumalipira kawiri, kugula ndi kuikitsa zipangizo, kenako mwezi ndi mwezi pa ka sensa kalikonse. Ya pamweziyo ndi yomwe imaluma chifukwa bulanchi iliyonse yatsopano imabwera ndi mafiliji ake asanu kapena khumi. Kontirakiti yathu inali yomanga zaka, ndipo mukasiya kulipira timabokosi tija timangokhala mapulasitiki, simungatilumikize ku kampani ina. Werengani bwino pamenepo, ndipo funsani ngati ma rekodi anu akale mungawatenge mukamachoka. Sikuti filiji iliyonse ikufunika sensa, ya zakumwa ife sitinaikemo, Coke akatentha palibe amadwala. Yambani ndi cold room, firiza ya nyama, filiji ya nkhuku ndi nsomba, ndi ya mkaka ndi masosi.

Abale akumudzi omwe muli ndi malo odyera ku Lilongwe ndipo mukuganiza zotsegula ku Blantyre kapena ku Mzuzu, ndikudziwa kuti vuto la magetsi mumalidziwa kuposa ife, makamaka muja namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022 ndikuchotsa pafupifupi ma megawati 130. Chambo chochokera ku Mangochi sichikhululuka filiji ikatentha. Ndiye phindu lake kwa inu lingakhale lalikulu, mwina kuposa kuno, poti Lilongwe ndi Mzuzu si ulendo woti ungadzuke usiku ndikupita. Koma ndikuchenjezeni pa ziwiri. Malipiro a pamwezi akakhala a ma rand kapena madola, kumbukirani zomwe zinachitika mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, bilu yanu imakwera tsiku limodzi inu osawonjezera kanthu, osanenanso za kusowa kwa forex yolipirira. Chinanso ndi choti ka sensa kakafa kapena gateway ikapsa ndi mphenzi, ndani adzabwere? Ife kuno timadikira masiku angapo kampani ili mu mzinda womwewuno. Ngati palibe munthu wa konko wodziwa kuzikonza, kuli bwino muyambe ndi zotchipa, timakina toyeza tomwe timasunga rekodi tokha ndikutumiza meseji pa SIM ya Airtel kapena TNM, muike mu firiza ya nyama yokha muone kaye mmene zikuyendera miyezi ingapo.

Kontirakiti yathu ikutha posachedwa ndipo abwana andifunsa ngati tipitirize. Ndawauza kuti eya tipitirize, koma probe ya Bluetooth ichoke pa bilu, mabatire a mu firiza azisintha okha chaka chilichonse osadikira kuti afe, gateway ibwere ndi batire lokhalitsa usiku wonse, ndipo alembe mu kontirakiti kuti akatsegula bulanchi yachinayi munthu wawo adzakhala nafe m'khitchini tsiku lathunthu la ntchito, makamaka Lachisanu, asanaike malire a alamu. Akakana zimenezi tikayang'ana kwina, makampani ake alipo angapo.